Zoti feteleza wotsika mtengo anathetsa njala ndi kutigwirizanitsa, zikuima pati?

Chikumbe_Wamkulu
Akuluakulu, funso langa likupita kwa inu amene mumadziwa za minda ndi za bajeti. Boma lililonse kuyambira 2005, likapanikizidwa pa nkhani ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, limadziteteza ndi mfundo ziwiri. Yoyamba, akuti pakanapanda sabuside bwenzi dziko lili pa njala chaka ndi chaka. Yachiwiri, akuti ndondomekoyi siyang'ana chigawo, mtundu kapena chipani, ndiye ndi umboni woti akumanga umodzi, ndipo kuyambira 2022 amawonjezerapo lamulo la mtendere ndi umodzi la chaka chimenecho. Koma thumba linali K4,495 mu 2020, K7,500 mu 2021, K15,000 mu 2022. Opindula anachoka pa 3.7 miliyoni n'kufika pafupifupi 1.1 miliyoni mu 2024/25. Ndiye mfundo ziwirizi zikuimabe? Chonde tisatukwanane za zipani, tipatseni masamu.

Mlangizi_Wapansi
Tiyambe ndi zimene matumba awiriwo angachite m'munda, chifukwa mkangano wonse umathera pamenepo. Wopindula amagula thumba limodzi la NPK ndi limodzi la Urea, lililonse la makilogalamu 50. NPK ali ndi nayitirojeni 23 pa 100, ndiye m'thumba muli makilogalamu 11.5. Urea ali ndi 46 pa 100, ndiye 23. Pamodzi ndi makilogalamu 34.5. Malangizo a chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 pa hekitala, kutanthauza matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a wobereketsa. Choncho matumba awiri a sabuside ndi a ekala imodzi basi, osapitirira.

Pa ekala imeneyo mizere italikirane masentimita 75, mapando 25, mbewu imodzi pa phando. Mumapeza mapesi pafupifupi 21,000, ndipo phesi lililonse limalandira magalamu awiri ndi pang'ono pa kuthira kulikonse. N'chifukwa chake timayezera chitsekerero cha botolo, osati dzanja. Wokulitsa athiridwe pobzala kapena mkati mwa sabata chimanga chitangomera. Wobereketsa patatha masabata atatu kapena anayi, nthaka ili yachinyezi, munda utapaliridwa. Mubowole kadzenje masentimita 10 kuchokera pa phesi, muthire, mukwirire. Urea wongowaza pamwamba amauluka ndi dzuwa kapena kukokoloka ndi mvula.

Tsono tiyerekeze. Kilogalamu imodzi ya nayitirojeni ikabweza makilogalamu 15 a chimanga, mlimi wawonjezera matumba 10. Ikabweza 8 okha chifukwa chochedwa kuthira, udzu, kaufiti kapena nthaka ya asidi, wawonjezera matumba asanu ndi theka. Ndalama imene boma lawononga ndi yomweyo. Boma likamadziteteza limawerenga matumba amene agulidwa, siliwerenga tsiku limene analowa m'nthaka.

Kaligondo
Ndiye mwati vuto ndi mlimi? Alangizi mumatero nthawi zonse.

Mlangizi_Wapansi
Ayi achimwene, werenganinso. Mlimi sangathire mu Disembala feteleza amene wafika pa depoti mu Januwale. Ndipo chimene chimapweteka kwambiri ndi kufika kosemphana: Urea alipo, NPK kulibe. Fosifolasi amafunika chimanga chili chaching'ono kuti chimange mizu. Chikasowa, masamba amachita chofiirira, chimapinimbira, ndipo Urea wochuluka bwanji sangachidzutse. NPK wofika chimanga chili m'chiuno ndi ndalama yotayika theka. Wobereketsa wofika chitamasula kale ndi bwino kungomusunga pouma, pamwamba pa matabwa, kudikira dimba.

Palinso kusagwirizana kwa mbewu ndi feteleza. Paketi ya haibulidi ya makilogalamu 5 ndi ya theka la ekala, poti hekitala imafuna makilogalamu 25. Theka linalo mlimi amabzala ya m'nkhokwe, imene siyankha feteleza mofanana.

Kalaliki_waBajeti
Kuchedwako kuli ndi masamu akenso. Opindula 1.5 miliyoni, monga zinalili mu 2023/24, ndi matani 150,000. Lole imodzi imanyamula matani 30, ndiye maulendo 5,000 kuchokera ku doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, tisanawerenge kutsitsa ku nkhokwe za SFFRFM, bungwe la boma logulitsa feteleza kwa alimi, n'kukwezanso pa magalimoto ang'onoang'ono opita kumidzi. Pa opindula 3.7 miliyoni ndi matani 370,000, maulendo oposa 12,000. Kuti zonsezi zithe pofika Okutobala, makontirakiti ayenera kusainidwa cha mu Epulo kapena Meyi, sitima zifike cha mu Julayi ndi Ogasiti.

Kale ankanamizira bajeti, poti chaka cha boma chinkayamba mu Julayi. Kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo, ndiye chifukwa chimenecho chinatha. Chatsala ndi ndalama zakunja. Feteleza timagula ndi madola, ndipo madola ambiri amabwera ndi fodya, amene msika wake umatsegulidwa mu Epulo. Madola omwewo akufunidwa ndi mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'zipatala. Onjezanipo kugwa kwa kwacha ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, komanso nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza mtengo wa feteleza padziko lonse. Apa boma likamati zina sizili m'manja mwake, silikunama. Koma njira imene linasankha inali yodula chiwerengero cha anthu, ndipo zimenezo sizilengezedwa mokweza ngati mtengo wa thumba.

Mbumba_ya_Dziko
Inu mukuiwala kumene tachokera. Mu 2005 dziko linakolola chimanga pafupifupi matani 1.2 miliyoni, anthu mamiliyoni anafunika thandizo la chakudya. Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi mu 2005/06, thumba K950, pomwe mabungwe ambiri otithandiza sankafuna kumva za sabuside. Mu 2006 zokolola zinaposa kawiri za chaka chinacho. Mu 2007 tinadutsa matani 3 miliyoni mpaka kugulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mu 2021, pa zokolola zoyamba za AIP, ndondomeko ya sabuside imene inalowa m'malo mwa makuponi mu 2020, tinadutsa matani 4 miliyoni. Zimenezi mungazifufute ndi masamu a chitsekerero? Ngakhale Starter Pack ya nthawi ya Bakili Muluzi, ya 1998, kaphukusi kongokwana kachigawo kakang'ono ka munda, inakweza zokolola chifukwa inafikira pafupifupi banja lililonse.

Nankafumbwe
Mwatchula zaka za mvula yabwino zokhazokha. Nanga 2016? Makuponi analipo, koma Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu oposa 6 miliyoni anadalira chakudya cholandira. Nanga 2024? AIP inalipo, El Niño anawotcha, Lazarus Chakwera analengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, zokolola sizinafike matani 3 miliyoni. Mvula ikagwa bwino akuti ndi sabuside, ikavuta akuti ndi nyengo.

Mbumba_ya_Dziko
Feteleza sabweretsa mvula, palibe anatsutsapo. Koma pa mvula yabwino popanda feteleza, minda yotopa ya ku Thyolo kapena Chiradzulu, kumene banja lili ndi kamunda kosakwana ekala, ingatulutse chiyani? Funso lolondola ndi loti chaka chomwecho zikanakhala bwanji sabuside kulibe.

Ndipo pa za umodzi, taonani zisankho. Mu 1994 voti inatsata zigawo: Chakufwa Chihana kumpoto, Kamuzu Banda pakati, Muluzi kummwera. Mu 2009 Bingu anapeza pafupifupi 66 pa 100, anasesa kumpoto ndi kummwera, n'kutenganso maboma ena a pakati. Chinawoloketsa anthu malire a zigawo chinali chimanga m'nkhokwe.

WakuHora
Zoona, 2009 inachitika. Koma pitirizani nkhaniyo. Chisankho chitangodutsa, boma lomwelo linabwezeretsa kota, yogawa malo potsata maboma ochokera, posankha ophunzira a ku yunivesite, ndipo chikondi cha kumpoto chinathera pomwepo, makuponi akugawidwabe, thumba lili K500. Kota inadzathetsedwa mu 2020. Izi zikusonyeza kuti feteleza angakokere voti ya chaka chimodzi, koma madandaulo a anthu ali pena.

Amene mumadabwa chifukwa chake anthu akumpoto amakayikira mawu oti umodzi, kumbukirani kuti mawuwa anali pa nsanamira zinayi za Kamuzu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pansi pa umodzi womwewo, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mu 1968, ndipo mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukaphunzitsa ku zigawo za kwawo. Ndiye nduna ikangoti "ndife amodzi" popanda kuonetsa manambala, ena amamva ngati akuuzidwa kuti akhale chete.

Funso langa kwa a Kalaliki: n'chifukwa chiyani malole amayamba kummwera, kumpoto n'kumalizira?

Kalaliki_waBajeti
Apo pali chifukwa chomveka, bambo. Mvula yobzalira imayamba kummwera, nthawi zambiri mu Novembala, kenako pakati, kumpoto imakhazikika mu Disembala. Wokonza ndondomeko aliyense angayambe ndi Mulanje ndi Phalombe asanafike ku Mzimba. Komanso kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, kummwera pafupifupi 44 pa 100, pakati 43, kumpoto 13. Matumba akagawidwa potsata mabanja a alimi, kumpoto kulandira ochepa si tsankho mwa iko kokha.

WakuHora
Pa chiwerengero ndavomera. Pa kayendedwe ka malole ndikukana. Simuyang'ana tsiku la mvula lokha, mumayang'ananso msewu. Dera la msewu wa dothi ngati Nthalire ku Chitipa, kapena midzi ya m'mapiri a Rumphi, liyenera kulandira katundu mvula isanagwe, ngakhale kuti amabzala mochedwa. Mukadikira Disembala, lole ya matani 30 sikwera, imatsitsira pa boma, mlimi ayende mtunda wautali ndi njinga, mavenda n'kupezerapo mpata. Dongosolo labwino n'loyamba ndi madera ovuta kufikako m'zigawo zonse zitatu, kenako otsata phula malinga ndi mvula.

Chachiwiri, ndondomeko yonseyi inamangidwa pa chimanga. Mlimi wa mpunga ku Karonga, wa chinangwa ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota, msodzi wa ku Likoma, amalipira msonkho womwewo. Kumupatsa zofanana ndi wa ku Kasungu si chilungamo ngati sizimene munda wake ukufuna.

Mayi_aKuchigwa
Mwalasa, ndipo si kumpoto kokha. Ku Chikwawa ndi Nsanje anthu ambiri amadalira mapira, mchewere ndi ulimi wa m'madimba madzi akaphwera, nthawi imene misika ya sabuside yatsekedwa kale. Boma linazindikira zimenezi pamene linayamba kupereka mbuzi m'malo mwa feteleza kwa ena mwa opindula m'maboma awiriwa. Ganizolo ndi labwino, koma mbuzi zili ndi malamulo ake. Zigulidwe kufupi ndi kumene zikupita, chifukwa mbuzi ya kumalo ozizira imavutika ndi kutentha kwa kuchigwa. Zisanaperekedwe zisungidwe padera masabata awiri kapena atatu, zimwetsedwe mankhwala a njoka za m'mimba, zitsukidwe nkhupakupa. Wolandira akhale atamanga kale khola la m'mwamba. Zikhale zazikazi zofika pobereka, ndipo m'mudzimo mukhale tonde wabwino. Mukadumpha chimodzi mwa izi, pakutha pa dzinja mwatsala ndi zikopa.

Kaligondo
Zonsezi n'zabwino koma nkhondo yeniyeni ili pa kaundula. Ndani amalemba mayina?

Mlembi_wa_VDC
Ndifotokoze mmene zimayendera ndi pamene zimathyokera. Unduna wa zaulimi uli ndi kaundula wa mabanja a alimi, amene amasonkhanitsidwa ndi alangizi kudzera m'ma EPA, madera ang'onoang'ono a zaulimi, pansi pa ma ADD, zigawo zazikulu za zaulimi, asanu ndi atatu. Nthawi ya makuponi a pepala, mayina ankasankhidwa pa msonkhano wa m'mudzi, pamaso pa mfumu ndi komiti ya chitukuko. Mavuto ake anali midzi ya m'mapepala yokha, makuponi achinyengo, ndi achibale a olemba. Kuyambira 2020 anayamba kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika cha NRB: wogulitsa amachijambula ndi foni, makina n'kuvomereza. Izi zinachepetsa mizukwa, koma zinabala mavuto atsopano.

Netiweki ikagwa, mzere umaima tsiku lonse, anthu n'kugona pa depoti. Dzina likalembedwa mosiyana pa kaundula ndi pa chiphaso, makina amakana. Wina amafika n'kuuzidwa kuti chiphaso chake chagula kale, iye thumba sanalione. Mavenda amasonkhanitsa ziphaso m'midzi mu Okutobala ndi Novembala, nthawi imene anthu alibe ndalama ndipo chakudya chatha, n'kuwapatsa kangachepe. Munthu wopanda ndalama yogulira matumba awiri amagulitsa mwayi wakewo, osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa cha njala ya lero.

Ndiye pali kugawana. M'mudzi wa mabanja 60 mukatuluka mayina 12, mfumu imadziwa kuti sipakhala mtendere. Imalamula kuti thumba lililonse ligawidwe ndi ndowa kwa mabanja atatu kapena anayi. Pa umodzi wa m'mudzi zimathandiza. Pa masamu a a Mlangizi aja zimapha, chifukwa feteleza wa ekala imodzi wamwazika pa maekala anayi.

Dimba_Lokoma
Pepani ndipatuke pang'ono. Kwa amene apeza ndowa imodzi yokha, manyowa a Mbeya angathandize? Miyezo yake ndi yotani?

Mlangizi_Wapansi
Miyezo imasiyana malinga ndi wophunzitsa, koma yofala ndi iyi: makilogalamu 10 a feteleza, 20 a ndowe zouma zopunthapuntha za nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, 10 a madeya, 10 a phulusa losefa, ndi madzi malita 5. Musakanize bwino, muike m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, mumange kuti mpweya usalowe, musunge pamthunzi masiku 21. Mukatsegula muyanike pamthunzi maola ochepa. Wokulitsa mupange ndi NPK, wobereketsa ndi Urea, padera.

Chenjezo langa n'loti thumba limodzi silisanduka matumba asanu a mphamvu yofanana. Nayitirojeni wa m'makilogalamu 10 a Urea ndi makilogalamu 4.6, kuphatikiza pang'ono wa mu ndowe. Ndiye pa phando muyenera kuthira wochuluka, osati chitsekerero chimodzi. Ubwino wake uli pa kukonza nthaka ndi kusunga chinyezi.

Nankafumbwe
Ndipo phulusa ndi Urea sizigwirizana kwenikweni. Fungo lobaya m'mphuno limene limatuluka potsegula thumba ndi nayitirojeni amene akuthawa. Kwa wobereketsa ndi bwino kuchepetsa phulusa. Wina atha kungothira manyowa m'mizere asanabzale, Urea wochepayo n'kumuthira payekha pa kachigawo kamene angakwanitse, kwinako abzale soya, mtedza kapena nandolo.

Mayi_aKuchigwa
Nanga inu a Nankafumbwe, ndi dzina lanulo, osatiuza za kusunga? Zimene feteleza wawonjezera zimathera kwa abale anu m'nkhokwe.

Nankafumbwe
Mayi, chimanga chiume mpaka chizilira polumidwa, chipetedwe, chilowe m'matumba osalowa mpweya aja a PICS, pulasitiki iliyonse imangidwe payokha. Abale anga amafa okha popanda mankhwala, bola mbewa zisaboole.

Chikumbe_Wamkulu
Tabwererani ku funso akuluakulu. Mbali ya lamulo la umodzi palibe wayigwira.

Loya_Wosamaliza
Ndiyese. Mu 2017 kunabwera ndondomeko ya dziko ya mtendere. Mu 2020 Chakwera anakhazikitsa unduna woona za kuphunzitsa anthu ndi umodzi, nduna yake Timothy Mtambo, ndipo pambuyo pake nthambi ya umodzi inaphatikizidwa ku unduna wa maboma ang'onoang'ono ndi chikhalidwe. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission pamodzi ndi makomiti a mtendere m'maboma. Ntchito yawo ndi kuona mikangano isanakule ndi kuyanjanitsa anthu: malire a minda, ufumu, zipembedzo, ziwawa za ndale. Ntchito yotereyi kale inkagwa pa mabungwe ngati Public Affairs Committee, imene inayamba mu 1992. Chigamulo cha khothi cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinati wopambana apeze mavoti oposa theka, nachonso chimakakamiza zipani kufuna voti kunja kwa zigawo zawo.

Zonsezi boma lingazitchule podziteteza, ndipo n'zenizeni. Chimene sizichita ndi kutsimikizira kuti kagawidwe ka feteleza n'kolungama. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa tsankho, gawo 30 limapereka ufulu wa chitukuko, koma kuti munthu anene kuti wasalidwa afunika manambala. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Gulu lililonse la alimi lingalembe kalata ku khonsolo kapena ku unduna kupempha zinthu zinayi pa EPA iliyonse: mabanja a alimi olembedwa, opindula, matani amene anafika ndi masiku ake, ndi amene anaguladi. Mukagawa opindula ndi mabanja olembedwa, mumapeza chiwerengero chofananitsa Chitipa ndi Ntchisi ndi Neno popanda kukangana za mitundu.

Mbumba_ya_Dziko
Ndipo mukapeza kuti n'zofanana, mudzavomera kuti boma likunena zoona?

WakuHora
Pa chiwerengero inde. Tikatero tidzayang'ana masiku ofika. Dera lolandira gawo lake lonse mu Januwale lasalidwa kuposa lolandira theka mu Novembala.

Kalaliki_waBajeti
Pali chinanso chimene oteteza ndondomekoyi sakonda kuchikhudza. Pangano la ku Maputo la 2003 linati mayiko a mu Africa aziika 10 pa 100 ya bajeti ku ulimi, ndipo Malawi wakhala akufikapo zaka zambiri. Koma gawo lalikulu la ndalama za undunawu lakhala likupita ku sabuside. Zotsalira ndi zimene zimayenera kulipira alangizi, kafukufuku wa ku Chitedze ndi Bvumbwe, madipi a ziweto, ulimi wothirira ndi kuyeza nthaka. Ndiye tikugula feteleza wambiri n'kumasowa womuuza mlimi kuti munda wake ukufuna laimu kaye.

Komanso kugula mothamanga kumatsegula khomo la katangale. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zinalipidwa ku kampani ya ku UK imene sinali yogulitsa feteleza, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho nduna ya zaulimi ndi wachiwiri wake anachotsedwa. Zotere zimachitika pamene Seputembala wafika nkhokwe zili zopanda kanthu, aliyense wolonjeza mtengo wotsika n'kumamveredwa.

Kaligondo
Ndiye tithetse basi?

Mlangizi_Wapansi
Kuthetsa lero, mlimi wa theka la ekala alibe pogwira, poti thumba la pa msika sangalifike. Chofunika ndi kulekanitsa anthu. Nkhalamba yopanda mphamvu zolimira ndi banja lopanda munda apite ku Mtukula Pakhomo, chifukwa iwo ndi amene amagulitsa ziphaso. Wokhala ndi munda ndi mphamvu alandire matumba onse awiri, osagawana, ndipo auzidwe zaka zimene akhale pa ndondomekoyi kuti akonzekere. Mayina atuluke mu Julayi, apachikidwe pa ofesi ya EPA ndi pa sukulu, pakhale mwezi wathunthu wokonza zolakwika pa ziphaso. Mlimi aloledwe kulipira pang'onopang'ono kuyambira nthawi yokolola, pamene ali ndi ndalama, m'malo mofuna ndalama yonse mu Novembala. Ndipo paketi ya mbewu za nyemba, imene inalipo zaka zina za FISP, ndondomeko ya makuponi ija, ibwerere.

Mlembi_wa_VDC
Za kupachika mayina ndikugwirizana nazo, koma muwonjezere kuti awerengedwenso mokweza pa bwalo la mfumu, chifukwa si onse amawerenga. Za kuletsa kugawana, a Mlangizi, mukanene nokha kwa nyakwawa ya mabanja 60 yokhala ndi mayina 12. Pokhapokha mabanja 48 otsalawo atadziwa chaka chimene dzina lawo lidzatuluke, ndowa ija ipitirira kuyenda.